Onse Anangotchedwa Ferguson

Pa 8 June 1867 sitima yapamadzi yotchedwa Quaker City inachoka padoko la New York itanyamula anthu oposa 60, ambiri mwa iwo achikulire, a ndalama zawo, ndiponso opemphera kwambiri. Aliyense analipira $1,250 kuti akazungulire France, Italy, Greece, Turkey, Dziko Loyera ndi Egypt, n'kubwerera kwawo mu November. Pakati pawo panali mtolankhani wa zaka 31, Samuel Clemens, amene tikiti yake inalipiridwa ndi nyuzipepala ya Daily Alta California ya ku San Francisco kuti aziitumizira makalata a paulendo. Makalatawo anadzawakonzanso n'kukhala buku la The Innocents Abroad, lomwe linatuluka mu 1869 m'dzina lake lolembera la Mark Twain. Iye ali moyo, palibe buku lake lina lomwe linagulidwa kuposa limeneli, ngakhale Huckleberry Finn wotchuka uja.

Bukuli lili pa Project Gutenberg ulere, ndipo mukatsitsa lopanda zithunzi silidya bandulo. Koma ndi lalitali, mitu 61. Ndiye musanalowemo, ndikufuna ndikulozereni pomwe pali mnofu, ndi pomwe pali fupa loti likhoza kukuimani pakhosi.

Mnofu uli pomwe pali malonda. Matchalitchi akuluakulu, mabwinja ndi mbiri za mafumu Twain amazifotokoza ndithu, pena bwino, pena ngati mwana wasukulu wokopera notsi za mnzake. Koma bilu ikangofika patebulo, kapena wina akangolowa m'sitolo, bukuli limadzambatuka.

Taonani zomwe zikuchitika pa chilumba cha Fayal ku Azores, pomwe sitima inaima koyamba. Mnyamata wina, Blucher, posangalala kuti wapondanso dothi, akuitanira anzake chakudya pa hotela: anthu khumi, vinyo, ndudu, zonse pa iye. Bilu kubwera, 21,700 reis. Patebulo ponse zii. Blucher akuunjika $150 patebulo n'kumuuza mwini hotela kuti ndi zomwezo, akafuna zoposa apo pakhetsedwa magazi. Mwini hotela akuyang'ana ndalamazo, akuyang'ana mlendoyo, akutuluka, n'kubweranso ndi bilu yomweyo itasinthidwa m'madola: $21.70. Reis 1,000 inali dola imodzi basi. Twain sakuwonjezerapo zokometsera zambiri. Akungoisindikiza biluyo kawiri, mzere ndi mzere, ndipo manambalawo ndi amene akukuseketsani. Amene munagwirapo ndalama ya dziko lina, kaya mashilingi pa Kariakoo paja, mukudziwa momwe mutu umaimira ukaona maziro ambiri. Koma onani chomwe chabisala m'nthabwalayi. Blucher sanaganizeko zoti mwina iye ndi amene sakumvetsa. Anathamangira kunena kuti waberedwa. Munthu yekhayo amene anachita zinthu modekha m'chipindamo ndi mwini hotela.

Ku Gibraltar nthabwala ikugwera Twain mwiniwake. Walowa m'sitolo kukagula magolovesi achikopa, ndipo wogulitsa ndi mtsikana wokongola. Akumupatsa abuluu. Iye sakufuna abuluu, koma mtsikanayo akuti pa dzanja ngati lakelo akhala bwino. Basi, munthu wagwa. Golovesi ndi laling'ono, akulikakamiza, likung'ambika, mabatani akuthothoka, ndipo likang'ambika mtsikanayo akumuyamikira kuti zikuonekeratu kuti bamboyu ngozolowera kuvala zoterezi. Akulipira, akutuluka ndi nsanza m'manja, anzake akumuseka njira yonse. Kenako zikudziwika kuti nawonso anagula omwewo. Ndi kankhani kakafupi, koma ndi komwe kakumugulira Twain ufulu woseka anzake m'mitu yotsatira. Wolemba wovomera kuti anataya ndalama chifukwa chotamidwa dzanja timamukhulupirira akayamba kutchula za ena.

Ndipo za ena amazitchuladi. Kwa ine pachimake pa buku lonse ndi mutu 47, m'mbali mwa Nyanja ya Galileya. Akuluakulu opemphera aja afika pa madzi omwe akhala akuwamva m'Baibulo chibadwire, ndipo mitima ili m'mwamba: akufuna kuyenda pa ngalawa pomwe atumwi ankaponya makoka. Ngalawa ikutulukira. Akukuwa kuti womasulira afunse mtengo msanga, iwo akufuna kuzungulira nyanja yonse tsiku lonse, za ndalama si nkhani. Yankho likubwera: ma napoleon awiri, ndalama zagolide za ku France zokwana $8, kwa anthu asanu ndi atatu. Nkhope zikugwa. Wina akuti wadulitsa, timupatsa imodzi. Mwini ngalawa sakuyankha n'komwe. Akungotembenuza ngalawa yake n'kumapita. Akumukuwira kuti abwerere, apereka ziwiri zomwezo, ngakhale kuposa apo, koma munthu wapita, ndipo ngalawa ina sinapezekenso. Anthu owoloka Atlantic pa $1,250 alephera kuyenda pa nyanja ya Yesu chifukwa chonenerera $4. Chotsatira n'kulozana zala, aliyense akuti si ine ndinayambitsa.

Ndi akuluakulu omwewa amene masiku angapo m'mbuyomo anathamangitsa akavalo otopa ndi owonda kuti ulendo wa masiku atatu wochokera ku Baalbek kupita ku Damasiko authe m'masiku awiri, kuopa kuyenda Lamulungu. Pamenepo Twain saseka. Wakwiya zenizeni, ndipo akufunsa kuti ndi chipembedzo chanji chosunga tsiku n'kuzunza nyama. Mukaziika pamodzi nkhani ziwirizi mumaona kuti nthabwala zake zili ndi msana.

Chinthu china chomwe bukuli linagwira bwino ndi momwe gulu limaonera zinthu. Munthu woyenda pagulu amayamba wayang'ana nkhope za anzake kuti adziwe ngati apa m'pofunika kudabwa. Ku Milan, pamaso pa chithunzi cha Mgonero Womaliza cha Leonardo da Vinci, Twain akuona khoma la utoto wosuluka ndi wokanganuka, pomwe alendo anzake akuusa moyo, akuyamikira maonekedwe a nkhope zomwe sizikuonekanso bwino. Iye akuti makope omwe ojambula ena akupanga pomwepo akuposa chenichenicho. Pa zojambulajambula Twain anali mbuli, ndipo umbuliwo ankaunyadira, choncho musamutengere pamenepo. Koma funso lake ndi labwino: mukuyamikira chomwe mukuona, kapena chomwe munawerenga? Ku Palestine akulifunsanso mwamphamvu. Akuti amatha kudziwiratu zomwe anzake akanene akafika ku Nazareti kapena ku Yerusalemu, chifukwa mabuku omwe akutapamo mawuwo nayenso ali nawo m'chikwama. Lomwe akuligenda kwambiri ndi Tent Life in the Holy Land la William C. Prime, la mu 1857, ngakhale mlembi wake anamubisa pomutcha Grimes. Lero mabukuwo analowedwa m'malo ndi Instagram, koma matendawo ndi omwewo: munthu amapita kukajambulitsa pomwe anaona ena atajambulitsa, ataima momwe enawo anaimira.

Nanga zokatenga kunyumba? Gululi limayenda ndi tinyundo, kugumula tizidutswa pa chipilala chilichonse, ndipo ku Egypt wina akukwawira pa nkhope ya Sphinx kuti aswepo kachibenthu. Blucher yekha ndiye wazindikira momwe geni imeneyi imayendera. Ku Sevastopol akutola chibwano cha kavalo n'kulembapo kuti ndi fupa la mkulu wa asilikali a Russia. Mwala umodzi amauswa pakati, theka n'kulitcha la ku Greece, theka lina la ku Paris. Akuti azakhali ake kumudzi sakadziwa kusiyana kwake. Ndipo sakunama, eti? Chomwe azakhaliwo akulandira ndi kapepala kolembedwa, mwalawo wangoperekeza.

Tsopano fupa lija.

Ku Paris, Twain, mnzake Dan ndi dokotala wa m'sitima alemba ganyu munthu wowalondolera mumzinda. Khadi lake lalembedwa A. Billfinger. Dzinalo silikuwakomera m'khutu, ndiye akungogwirizana zomutcha Ferguson. Ferguson ameneyu ndi dobadoba weniweni. Sakhuta, sadutsa pa malo odyera osameza malovu, ndipo alendo akati tiperekeze ku Louvre, ngolo ikukaima pa sitolo ya nsalu za silika. Akukana, akukweranso, ikukaimanso pa sitolo ina ya silika. Pomwe masewerawa akutha, Louvre yatsekedwa kale. Pambuyo pake akutulukira kuti mkuluyu amalandira kangachepe pa chilichonse chomwe alendo ake agula. Mutu 13 umenewu ngoseketsa, ndipo Billfinger anaziyamba dala.

Vuto ndi loti dzinalo silikutsala ku Paris. Kuchokera pamenepo wolondolera aliyense ndi Ferguson: wa ku Genoa, wa ku Rome, womasulira wa pa Galileya uja. Ku Constantinople akupeza mkulu wina wotchuka pa ntchitoyi, wodziwika ndi dzina loti Far-away Moses, amene alendo ankachita kumufunafuna ndipo iye ankalinyadira dzinalo. Nayenso akumutcha Ferguson, ndipo Twain akulemba mosangalala kuti munthuyo anakhala akuwira mumtima nthawi yonseyo. Ngakhale midzi siikupulumuka. Mudzi wa Temnin-el-Foka, paulendo wochokera ku Beirut, anyamatawa akuutcha Jacksonville chifukwa dzina lake n'lovuta kulemba.

Owerenga a ku America a mu 1869 ankaseka ali m'ngolo limodzi ndi Twain. Ine ndikamawerenga ndimapezeka ndili panja pa ngoloyo, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri mwa inu mupezekanso komweko. Ife sitifunika kufotokozeredwa kuti zimakhala bwanji bwana akakuuza kuti dzina lako n'lovuta, kuyambira lero ndiwe Joni kapena Jemusi. Agogo athu amene anagwira ntchito m'nyumba za azungu ndi m'migodi anabwerako ndi maina otere. Ndipo mnyamata wogulitsa ziboliboli ku Senga Bay, amene amawerenga nkhope ya mlendo kuti adziwe poyambira mtengo, ali pafupi ndi Billfinger kuposa ndi Blucher. Mukangoima pamalo amenewo, nthabwala zina zimayamba kumveka mwina.

Yotchuka kwambiri m'buku lonse ili m'mutu 27. Twain akufotokoza kuti wolondolera alendo amakhalira kumva anthu akudabwa. Akaonetsa chinthu amadikira kuti alendo ati kukamwa yasa. Ndiye atatuwa akupangana kuti asadabwe ndi kanthu. Ku Genoa akuwaonetsa kalata yolembedwa ndi Christopher Columbus mwiniwake, dokotala akuiyang'anitsitsa n'kunena kuti kwawo ana a zaka 14 amalemba bwino kuposa apa. Akuwaonetsa chosema cha mutu wa Columbus, dokotala akufunsa ndi nkhope yosaseka ngati mkuluyu anamwalira. Ku Vatican akuwaonetsa mtembo woumikidwa wa ku Egypt, wa zaka 3,000, funso n'lomwelo, kenako akukalipa kuti ngati ali ndi mtembo watsopano autulutse, osati wakalekalewu. Munthu sungawerenge osaseka. Ndipo ndikumvetsa chomwe Twain akulimbana nacho: mwambo wokakamiza munthu kugwadira chilichonse chakale cha ku Europe, womwe unkachititsa Aamerika kudziona ngati ana a dzulo. Koma mwambowo sunayambitsidwe ndi wolondolera. Iye ndi munthu waganyu amene analoweza mawu m'chilankhulo cha eni kuti apeze chakudya cha ana. Chingerezi chake chothyokathyoka Twain akuchilemba momwe chikumvekera kuti tiseke, pomwe alendo atatuwa Chitaliyana sachidziwa. Mkwiyo ngwa Michelangelo ndi mabuku a alendo, koma khofi akulandira ndi wogwira ntchito.

Sitima ikamalowera kum'mawa zinthu zikuipiraipira. Kale ku Azores anali atawatcha anthu akumeneko aulesi, auve ndi osadziwa kanthu, atangokhalako masiku ochepa. Ku Syria ndi ku Palestine anthu sakuonekanso mmodzimmodzi. Ndi chigulu cha nsanza, zilonda, ntchentche m'maso mwa ana, ndi manja opempha bakishishi. Akafuna kuwanyoza kwambiri amawafanizira ndi Amwenye a ku America, omwe ankawanyoza kale ali kwawo. Umphawi ndi matenda a maso analipodi, sindikuti anazipeka. Koma palibe pomwe akukhala pansi ndi mmodzi wa anthuwa kuti amve kuti amaganiza chiyani za alendo ogumula manda a makolo awo ndi nyundo.

Ngakhale mutu 32, womwe ndi umodzi mwa yokongola kwambiri, uli ndi kachilema komweka. Sitima yaletsedwa kutsitsa anthu ku Piraeus chifukwa choopa matenda, ndiye amuna anayi akuzemba usiku, akuyenda wapansi mpaka ku Athens, n'kukaona Parthenon mwezi ukuwala. Kufotokoza kwake pamenepo n'kwa munthu amene wadabwadi, wopanda buku m'manja. Koma m'njira akuba mphesa m'minda ya anthu, popita ndi pobwera, ndipo alonda amfuti atawatsatira, Twain akuti kuchuluka kwa alondaku kukusonyeza kuti anthu a kumeneko ndi okayikitsa, amaberana okhaokha. Munthu mphesa zakuba zili m'manja, abale!

Wina anena kuti izi ndi nthabwala chabe za zaka zoposa 150 zapitazo. Koma mawu a Twain onena kuti Palestine linali dziko louma ndi labwinja amatengedwa mpaka lero n'kuikidwa m'mikangano ya ndale ngati umboni woti kunalibe eni ake. Amene amachita zimenezi sanena kuti mlembiyu anadutsako pa kavalo kwa milungu pafupifupi itatu yokha, kuchokera ku Beirut mpaka ku Jaffa, mu September, kumapeto kwa miyezi yopanda mvula, asakudziwa Chiarabu, atatopa, ndiponso akufunitsitsa kutsutsa Prime ndi anzake omwe ankalikometsera dzikolo. Zili ngati munthu adutse ku Chikwawa mu October n'kukalemba kuti kumeneko sikumera kanthu. Sanenanso kuti m'buku lomweli akutchula chigwa cha Nablus kuti n'cholimidwa bwino, cha dothi lachonde, ndiponso minda ya malalanje ya ku Jaffa. Buku lolembedwa kuti liphunzitse anthu kusakhulupirira mabuku a alendo linasanduka lomwe anthu amalikhulupirira mwachimbulimbuli.

Omuikira kumbuyo amati Twain ankaseka aliyense mosasankha, ndipo Aamerika anzake ndi omwe anawamenya kwambiri. N'zoona kuti akuseka Chifalansa chawo chophotchola, kudzitama kwawo m'malo odyera, ndi aja ongokhala ku Paris milungu ingapo n'kumanamizira kuti aiwala katchulidwe ka Chingerezi. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ka Twain n'kakuthwadi. Kungoti sikameta mofanana. Mwamerika aliyense womusekayo ali ndi nkhope yakeyake: Blucher ndi mabodza ake, mkulu uja womutcha Oracle wokonda mawu aatali osawadziwa tanthauzo, wandakatulo wotopetsa uja, Dan, Jack, dokotala. Timawaseka, koma pofika kumapeto timawadziwa ndipo ena timawakonda. Enawo ndi Ferguson, Ferguson, Ferguson.

Chomwe chimandipweteka n'choti munthuyu ankatha kuona akafuna. Ku Venice, m'mutu 23, gululi likupeza wolondolera amene Twain akuti ndi yekhayo mwa onse omwe anali atakumana nawo amene ankadziwadi kanthu. Ndi munthu wakuda, wobadwira ku South Carolina kwa makolo omwe anali akapolo, amene anafika ku Venice ali khanda n'kukulira komweko. Amawerenga, kulemba ndi kulankhula Chingerezi, Chitaliyana, Chisipanishi ndi Chifalansa, amaidziwa mbiri ya mzindawo pamtima, ndipo amavala bwino kuposa alendo akewo. Akamafotokoza za zojambula, Twain amene ankatafula olondolera ena onse poyamba akungovomereza, kuopa kuonetsa umbuli wake pofunsa mawu omwe sakuwamva, mpaka kenako akulephera kupirira n'kufunsa. Akulemba kuti ku Venice munthu wakuda amalemekezedwa mofanana ndi mzungu, kuti mkuluyu alibe maganizo obwerera komwe anabadwira, ndipo iye akumuvomereza kuti waganiza bwino. Kulemba zimenezi m'buku logulitsidwa khomo ndi khomo ku America, patangopita zaka zinayi nkhondo ya ukapolo itatha mu 1865, sichinali chinthu chaching'ono. Ndi ndime imodzi yokha, ndipo ndaibwereza kangapo kufunafuna dzina la mkuluyu. Twain analemba komwe anabadwira, zilankhulo zake, kavalidwe kake ndi ulemu wake. Dzina sanalembe.